Mmene mungapangire kope lanu la mapemphero a tsiku ndi tsiku kuno ku Joni

Ndisanalowe mu masitepe ndiulule kaye. Nditafika kuno ku Joni ndinatha pafupifupi chaka chathunthu osapemphera pandekha, kutchalitchi ndinkapita ndithu Lamulungu likandipeza ndili pa ofu, nyimbo ndinkaimba mokweza bwinobwino, koma mkati mwa sabata munalibe chilichonse kupatula ka "Ambuye tithandizeni" kamene kamatuluka kokha dalaivala wa tekisi akadutsa loboti itafiira. Kwathu ku Ntcheu sizinkavuta chifukwa pemphero linali ndi eni ake, mayi ankadzuka tambala woyamba n'kuyambitsa nyimbo chapansipansi, olo ufunde bulangete mpaka kumutu umangopezeka wavomera nawo Ameni. Kuno wokudzutsa ndi alamu basi, ndipo alamuyo amadzutsira bwana.

Januwale wina ndinadzikwiyira n'kulumbira kuti kuyambira lero ola lathunthu m'mawa uliwonse, Baibulo lonse pa chaka, machaputala onse 1,189. Genesis ndinamaliza, Eksodo mokoka miyendo, pofika pa Levitiko anandisinthira ku shifiti ya usiku, nkhani n'kuthera pomwepo. Pulani ija ndinapangira munthu amene kulibe, wogona maola 8, wokhala ndi chipinda chakechake. Ine ndine mlonda, 6 mpaka 6, ndimakhala mu karumu kakuseri ku Rosettenville ndi msuweni wanga, bedi lake ndi langa pakati pake pamangokwana ndowa. Ndiye zimene ndikulemba apazi ndi za munthu ngati ine. Pulani ya pemphero muziipanga mukuyang'ana tsiku lanu loipitsitsa, lija mwaweruka mochedwa, mvula yakunyowetsani pa renki, magetsi azima. Ikapirira tsiku limenelo ndiye kuti masiku enawo iyenda yokha.

Sitepe 1: Lembani sabata yanu mmene ililidi

Musanagule kope, tengani kapepala kalikonse, olo kuseri kwa risiti ya ku Shoprite, mulembe Lolemba mpaka Lamulungu, nthawi yodzuka, nthawi yotuluka pakhomo, maminitsi amene mumakhala mu tekisi, nthawi ya tiyi kapena lanchi, nthawi yofika kunyumba. Lembani zoona, musadzinamize kuti mumadzuka 4 koloko pamene mumakanikiza alamu katatu. Kenako fufuzani timipata 3, kamodzi koyambira tsiku, kena pakati, kena kotsekera. Sindikunena m'mawa, masana ndi madzulo mwadala, chifukwa kwa ife a usiku m'mawa wathu umayamba 4 koloko madzulo. Danieli ankagwada katatu pa tsiku ali kudziko la eni ndipo anali pa ntchito ya boma yotanganitsa, nkhani yake ili pa Danieli 6:10, nayenso Salimo 55:17 akutchula madzulo, m'mawa ndi masana. Onani kuti wayambira madzulo, ndiye a shifiti ya usiku musadzione ngati mwatsalira.

Nthawiyo muimangirire ku chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse, musaimangirire ku wotchi kapena ku dzuwa. Dzuwa la kuno ndi losadalirika, mu Disembala 5 koloko ikangodutsa kwayera kale, mu Juni limatuluka 7 koloko itatsala pang'ono kukwana ndipo kuzizira kwake simungatulutse olo chala mu bulangete. Ine yanga ndinaimangirira ku ketulo. Ndikangoika madzi pa moto ndatsegula kope, kuwira kwa madzi ndi kumwa kapu imodzi ya tiyi ndi maminitsi 10 mpaka 12, ndiye pemphero langa loyambira tsiku limenelo. Mlongo wina wa kumpingo kwathu amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, iye yake ndi nthawi imene madamu atuluka ndi ana kupita kusukulu, asanagwire tsache amakhala kaye pa sitepe ya kukhitchini. Wina wa m'gadeni yake ndi pamene akusintha nsapato kuvala magambutsi.

Sitepe 2: Malo

Apa sinditayapo nthawi. Mateyu 6:6 amakamba zolowa m'chipinda n'kutseka chitseko, ambirife chitseko chotseka tokha tilibe. Sankhani malo amodzi osasinthasintha, m'mphepete mwa bedi mutayang'ana kukhoma, pa kreti panja, mu kanyumba ka alonda, ndipo amene mumakhala naye mumuuze poyera kuti achimwene, ndikatsegula kope ili mundipatse maminitsi 10. Msuweni wanga poyamba ankaseka kuti ndayamba ubusa, pano amatsitsa yekha voliyumu ya foni akaona kope.

Sitepe 3: Kope, pensulo ndi Baibulo limene mumalimva

Gulani kope la chikuto cholimba, laling'ono lokwana mu chikwama cha kuntchito kapena m'thumba la jekete, ku Pep kapena mashopu a m'tauni amapezeka motchipa. Lalikulu lija la akawunti musagule, mudzalisiya kunyumba. Muliike mu kapulasitiki chifukwa mvula ya kuno ya masana imabwera ngati yatumidwa, langa loyamba linanyowa pa renki ya Bree inki yonse n'kusanduka mitambo, n'chifukwa chake pano ndimalemba ndi pensulo.

Ena munena kuti bwanji osangolemba pa foni. Ndinayesa. Umatsegula foni kuti uwerenge salimo, pamwamba patulukira meseji ya kumudzi yoti feteleza wakwera, kenako gulu la maliro, kenako ka vidiyo koseketsa, ukamadzidzimuka tiyi wazizira ndipo nthawi yothamangira tekisi yakwana. Komanso mu tekisi za m'tauni kutulutsa foni ndi kuitana akuba, pamene kope lakuda lothimbirira palibe amalifuna. Ngati Baibulo la pepala mulibe, pulogalamu ya YouVersion ili ndi Baibulo la Chichewa, dawunilodani mukapeza wifi kuti muziwerenga popanda data, ndipo mukamawerenga muzitseka kaye data yo.

Nanga Baibulo liti? Ife a CCAP tinakulira Buku Lopatulika la 1922, Chichewa chake ndi chakale, mawu ena mpaka kufunsa agogo, koma mavesi amene tinaloweza ku Sande sukulu ali mmenemo ndiye amalowa mumtima msanga. Buku Loyera linatuluka mu 1998, Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi, Chichewa chake ndi chija timayankhula masiku ano. Langizo langa ndi loti masalimo muziwerenga mu limene munakulira, koma makalata a Paulo mu limene mukumva popanda kubwereza katatu. Ndipo pempherani mu Chichewa abale. Tsiku lonse timakhalira yes boss, yebo, sorry madam, lilime limatopa, pamaso pa Mulungu pokha lipumeko. Ine zimene zili pansi penipeni pa mtima, zamanyazi zija, mu Chingerezi sizituluka, zimangozungulira.

Sitepe 4: Tsamba loyamba, mafupa a tsiku

Pa tsamba loyamba mulembe dongosolo limene muzitsatira tsiku lililonse, lalifupi loti pakatha sabata 2 mwaloweza. Ubwino wolemba ndi woti mukadzuka mutu uli zii simuyamba ndi funso loti ndiyambire pati, funso limenelo ndi limene limapha mapemphero ambiri.

Loyambira tsiku langa lili chonchi. Kukhala chete kaye pang'ono, kupuma katatu, chifukwa mtima umadzuka uli kale pa renti. Kenako salimo limodzi, ndimaliwerenga motulutsa mawu olo monong'ona, kuwerenga ndi maso okha kumathamanga kwambiri. Kenako kandime ka Uthenga Wabwino. Pa kandime kameneko ndimadzifunsa mafunso 4, ndipo amenewa si anga, ndi a Martin Luther, mtsogoleri wa mpingo wakalekale wa ku Germany. Mu 1535 iye analembera kalata munthu amene ankamumeta tsitsi, dzina lake Peter, atamufunsa kuti kodi munthu wamba apemphere bwanji. Anamuuza kuti pa mawu aliwonse a m'Malemba aone kaye chimene akumuphunzitsa, kenako chimene angathokozepo, kenako chimene akuyenera kulapa, pomaliza chimene angapemphe. Mu kalata yomweyo anamukumbutsa kuti wometa wabwino maso ake amakhala pa lezala, akamacheza kwambiri uku akumeta adula mphuno ya kasitomala. Amene mumameta anthu ku Yeoville ndi ku Hillbrow mukumva bwino kuposa ine kkkk.

Ndikupatseni chitsanzo kuti zisakhale za m'mwamba. Tsiku lina kandime kanali Marko 4, pamene namondwe wawapeza panyanja Yesu ali mtulo kumbuyo kwa ngalawa atatsamira pilo. Mu kope ndinalemba mizere 4 yokha. Chiphunzitso: ali m'ngalawa momwemo olo akuoneka ngati wagona. Kuthokoza: mwezi uno renti ndalipira pa 3, landilodi sanagogode. Kulapa: dzulo ndinakalipira mkazi wanga pa foni chifukwa cha mantha anga a kontirakiti, iye sanalakwe. Pempho: kontirakiti ikutha pa 30, ndipatseni mtima wokhazikika kuti ndikafunse bwana mwaulemu. Basi. Simukulemba ulaliki, palibe adzachonge.

Cha pakati pa tsiku ndi chachifupi kwambiri, Pemphero la Ambuye lokha, la Atate wathu lija, pang'onopang'ono, musanatsegule chakudya cha lanchi. Akhristu oyambirira ankachita zomwezi, kabuku kawo kakale kotchedwa Didache kamalangiza kunena pemphero limeneli katatu pa tsiku. Silitenga olo miniti imodzi, koma limadula tsiku pakati, mkwiyo wa m'mawa suwoloka wonse kupita madzulo. Abale a Chikatolika apa mukhoza kuika Mngelo wa Ambuye ya 12 koloko, kapena chigawo chimodzi cha korona mu tekisi, korona ili m'thumba palibe amaona.

Chotsekera tsiku ndi kubwereza tsikulo m'maganizo ngati mukubweza filimu, njira imene Ignatius wa ku Loyola, wansembe wa Chikatolika wakalekale, ankaphunzitsa anzake. Lero ndaona pati dzanja la Mulungu, ndalakwira ndani, mawa ndikuopa chiyani. Mzere umodzi mu kope, kenako Salimo 4:8, lija lokamba zogona mu mtendere. Mukagona pakati pa pemphero limeneli musadzitsutse, mwana akagona pamiyendo ya bambo ake samenyedwa.

Sitepe 5: Zowerenga, kuti musamangotsegula paliponse

Kutsegula Baibulo mwachisawawa n'kuloza chala kuli ngati kuombeza, tsiku lina mudzagwera pa mndandanda wa mayina a mu 1 Mbiri n'kutseka. Pa tsamba lachiwiri ndi lachitatu jambulani timabokosi ndi rula, kabokosi kalikonse chaputala chimodzi, mukawerenga muzichonga. Musalembe madeti pa timabokosito, ndibweranso pa chifukwa chake.

Masalimo alipo 150. Limodzi pa tsiku ndi miyezi 5, mwamaliza, n'kuyambiranso. Amene muli ndi nthawi yambiri, monga ife timakhala maso usiku wonse pageti, pali kanjira kowerengera onse pa mwezi: tengani deti la lero n'kumaonjezera 30. Pa 7 muwerenga 7, 37, 67, 97 ndi 127. Pa 29 mugwera pa Salimo 119 limene lili ndi mavesi 176, limenelo lisungireni pa 31, kapena muziduladula chifukwa linagawidwa kale mu zigawo 22 za mavesi 8. Ndipo musamadumphe masalimo odandaula. Salimo 88 limathera mu mdima popanda ka aleluya kumapeto, 137 ndi la anthu okhala m'mbali mwa mitsinje ya dziko la eni akulira kwawo, anthu akuwauza kuti tatiimbireniko nyimbo zakwanu zija. Nditaliwerenga koyamba ndili kuno ndinatseka Baibulo kaye n'kuyang'ana kudenga, zaka zonse zija kwathu ndinkaliona ngati mbiri chabe ya Aisraeli.

Uthenga Wabwino yambani ndi Marko, ndi waufupi, machaputala 16, theka la chaputala pa tsiku ndi mwezi umodzi. Mabuku onse 4 a Uthenga Wabwino ali ndi machaputala 89, pafupifupi miyezi 3 mukamawerenga chimodzi pa tsiku. Chipangano Chatsopano chonse chili ndi 260, ndiye chimodzi pa tsiku Lolemba mpaka Lachisanu kwa sabata 52 chatha ndendende, Loweruka ndi Lamulungu n'kukhala opumira. Miyambo ili ndi machaputala 31, anthu ambiri amaikonda chifukwa imayenda ndi deti. Kwa ife a kuno ndingaonjezere Rute, machaputala 4 okha, mkazi wachilendo akukunkha m'munda wa eni, ndi nkhani ya Yosefe kuyambira Genesis 37, munthu wogwira ntchito m'nyumba ya bwana wachilendo n'kunamiziridwa. Koma musatenge zonsezi nthawi imodzi, kuthamanga sikufika. Salimo limodzi ndi theka la chaputala cha Marko, mwezi woyamba zikwane zimenezo.

Sitepe 6: Anthu, agaweni pa masiku

Apa ndi pamene kope limaposa mutu. Tonse timayankha "ndikupemphererani" pa WhatsApp, kangati timapemphereradi? Ine ndinkaiwala meseji isanafike n'komwe. Ndipo ukafuna kutchula onse tsiku limodzi mndandanda umatalika, umayamba kuwathamangitsa ngati kondakitala akuwerenga mitu.

Tsegulani masamba 7, tsamba lililonse tsiku lake, pamwamba mutu, pansi mayina. Amene mumawatchula tsiku lililonse akhale ochepa, mkazi kapena mwamuna wanu, ana, makolo, amenewo alembeni mkati mwa chikuto. Anga ndinagawa motere. Lolemba ndi ntchito, anzanga a pageti, bwana ndi banja lake, ndi abale amene akusaka ntchito, aja amaima m'mbali mwa msewu ndi kachikwangwani kolemba kuti painter kapena tiler. Lachiwiri ndi akumudzi onse, mbali ya mayi ndi ya bambo, apongozi, minda. Lachitatu odwala ndi ofedwa. Lachinayi ndi mzinda uno, ndipo ili ndi tsamba limene linandivuta kwambiri kulemba. Yeremiya 29:7 anauza anthu amene anatengedwa ukapolo ku Babulo kuti azipempherera mtendere wa mzinda umene akukhalamo, chifukwa mtendere wawo uli momwemo. Ndiye pa tsamba limeneli pali landilodi, madalaivala a tekisi, manesi a kukiliniki, apolisi, maneba a kuno amene nawonso ntchito alibe, mpaka aja amatitchula makwerekwere. Sabata zoyamba ndinkangowerenga mayinawo mano ali gwa, sindinganame kuti pano ndimawakonda onse, koma mantha ndi chidani zinachepako, ndimadutsa pa kona paja mtima osagunda ngati kale. Lachisanu ndi kulapa kwanga ndi anthu amene ndasemphana nawo, kuphatikiza amene ndili nawo ngongole ndi amene ali nayo kwa ine. Loweruka Malawi, atsogoleri monga akunenera 1 Timoteo 2:1-2 kaya munawavotera kaya ayi, ndi amene ali pa ulendo, basi ija yodutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza. Lamulungu mpingo, abusa, ndi kuthokoza kokhakokha osapempha kanthu.

Pa dzina lililonse lembani chinthu chimodzi chenicheni ndi deti, musangolemba kuti "mlamu". Lembani "mlamu, shuga, akayezetsenso pa 14". Mukatero pa 15 mudzakumbuka kuimba foni kufunsa, ndipo munthu amadabwa kuti mwakumbukira bwanji. Kumanja siyani kampata kolemba zimene zachitika. Koma chenjezo, kope limasochera, limagwa mu tekisi, wina akhoza kulitsegula. Zinsinsi za anthu, matenda amene munthu anakuuzani kumbali, nkhani za mapepala, musalembe poyera, ikani chilembo choyamba cha dzina ndi kachizindikiro kodziwa nokha.

Kanthu kena kabwino, nthawi ya kuno ndi ya ku Malawi ndi imodzimodzi, palibe kusiyana olo miniti. Ndinagwirizana ndi mayi kuti Lachiwiri 5 koloko m'mawa iwo ali pa mphasa ku Ntcheu ine ndili pageti kuno tikuwerenga salimo limodzi. Sitiimbirana, eyataimu ingathe, ndimangowatumizira nambala ya salimo Lolemba madzulo kudzera kwa mdzukulu wawo amene ali ndi foni.

Sitepe 7: Lembani mapemphero anuanu a masiku ouma

Ena a mipingo ya Pentekoste apa ayamba kukwinya nkhope, ati pemphero lolemba ndi lakufa. Ndikumva, ndipo masiku amene mtima wadzaza kope limatsekedwa, munthu n'kukhuthula zonse mmene Mzimu akutsogolera. Koma kuli masiku ena pakamwa pamauma gwa, mwalandira uthenga wa maliro ndipo ndalama ya basi mulibe, mawu satuluka. Tsiku limenelo pemphero limene munalemba muli bwino limakunyamulani. Masalimo amenewa nawonso ndi mapemphero olemba, ndipo Yesu pamtanda anatchula mawu a Salimo 22.

Kumapeto kwa kope sungani masamba 5 kapena 6. Lembani timapemphero ta mizere 3 kapena 4, mu Chichewa chanu chomwechi cha tsiku ndi tsiku, musakometsere ndi mawu a paguwa. Lotuluka pakhomo, la kumapeto kwa mwezi pamene ndalama yachepa ndipo ofuna ndi ambiri, la usiku wa mantha, la pamene mwalakwiridwa kuntchito ndipo simungayankhe, la pamene mwagwanso mu tchimo lomwe lija. Langa la kumapeto kwa mwezi limati: "Atate, ndalama ndi iyi, mukuiona. Renti, sukulu ya ana, mankhwala a mayi, thiransipoti. Ndipatseni nzeru yogawa, kulimba mtima kokana pamene sindingathe, ndipo ndisadane ndi amene akupempha." Ndimaliwerenga ndisanatsegule Mukuru yotumizira ndalama kumudzi, chifukwa ndikatsegula kaye ndimatumiza ndi mkwiyo.

Ngati munabwera ndi buku la nyimbo la kumpingo kwanu, lembaninso manambala a nyimbo 5 zimene mumazidziwa pamtima. Vesi imodzi yong'ung'udza chapansipansi imatsegula mtima pamene kuwerenga kwakanika.

Sitepe 8: Pulani ya tsiku loipa, ndi lamulo la ngongole

Mkati mwa chikuto chakumbuyo lembani pulani ya maminitsi 2: Salimo 121 kapena 23, Pemphero la Ambuye, mayina a m'nyumba mwanu. Imeneyi ndi ya tsiku limene mwadzuka mochedwa, mwagwira dabulo shifiti, mukudwala chimfine cha mu Julayi. Mukhoza kuichita mutaima pa mzere wa tekisi ku renki ya Noord. Tsiku limenelo muliwerenge kuti mwapemphera, musaliike m'gulu la masiku olephera.

Ndipo mukadumpha masiku, olo sabata 3, palibe ngongole. Ichi ndi chifukwa ndinati timabokosi tisakhale ndi madeti. Pulani ya madeti ukaphonya masiku 5 imakuyang'ana ngati wakatapila, machaputala 20 akudikira, umachita manyazi n'kuliika kope pansi pa matiresi mpaka Januwale wina. Timabokosi topanda deti timangodikira, mumayambira pamene munasiyira. Ine ndinasiyapo mwezi wathunthu bambo anga aang'ono atamwalira ndipo sindinathe kupita kumaliro, ndinali wokwiya, sindinkafuna kuyankhula ndi Mulungu. Tsiku lobwerera ndinangolemba deti ndi mawu awiri, "ndabwera Ambuye", n'kuwerenga kabokosi kotsatira, kanali Marko 9.

Sitepe 9: Kalendala ziwiri

Kuti kope lisakhale chimodzimodzi chaka chonse, sungani tsamba limodzi la miyezi 12, mwezi uliwonse mzere umodzi kapena iwiri. Mbali ina ya mpingo: Adiventi milungu 4 Khirisimasi isanafike, Lenti kuyambira Lachitatu la Phulusa, Sabata Loyera, Pasaka, Pentekoste. Mu Lenti mwachitsanzo ndimasiya kaye timabokosi n'kumawerenga machaputala omaliza a Luka ndi Yohane, Salimo 51 Lachisanu lililonse. Mbali inayo ya kumudzi, chifukwa ukakhalitsa kuno umaiwala kuti anthu akudutsa mu chiyani, umasanduka mtchona wa mumtima usanakhale mtchona weniweni. Novembala ndi Disembala mvula yodzalira, Januwale ndi Febuluwale njala, nkhokwe zapepuka chimanga chisanache, Epulo ndi Meyi kukolola, pakati pa chaka ana a mayeso a Sitandade 8 ndi Fomu 4, pa 6 Julayi dziko lathu, pa 15 Okutobala amayi. Mzere wa Malichi kuyambira 2023 uli ndi mabanja a ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe amene anataya abale pa namondwe wa Freddy, mnzanga wa pageti ndi mmodzi mwa iwo. Onjezerani masiku obadwa a ana anu ndi masiku amene okondedwa anu anatisiya.

Sitepe 10: Tsiku lolandira, onaninso kope

Kamodzi pa mwezi, ine ndimachita pa ofu yoyamba ndikalandira, khalani ndi kope theka la ola. Werengani zimene munalemba, dzazani kampata kakumanja kaja. Zina mudzalemba "zatheka", zina "sizinatheke", zina "anamwalira", lembani zoona zokhazokha, kope la pemphero lisasanduke buku la maumboni okometsera ngati aja a pa TV. Mayina amene nkhani yawo yatha afufuteni kuti ena alowe, tsamba likapitirira mayina 10 layamba kulemera. Dzifunseninso kuti ndi gawo liti limene mwakhala mukulidumpha mwezi wonse. Ngati ndi la pakati pa tsiku mwina nthawi yake sinakhale bwino, isunthireni ku tekisi yobwerera. Ngati ndi tsamba la Lachisanu la kulapa, limenelo musalisunthe, mukudziwa nokha chifukwa chake mukulithawa.

Kuonjezera muzionjezera pakatha miyezi 2 kapena 3 zikuyenda, ndipo chinthu chimodzi chokha, mwina salimo lachiwiri, mwina maminitsi 5 okhala chete. Komanso musathamangire kutsegula gulu la WhatsApp la "Morning Devotion" sabata yoyamba n'kumatumizira anthu 80 mavesi 4 koloko m'mawa, ndinachitapo zimenezo, ndinkatha nthawi yonse kusaka chithunzi chokongola cha vesi ine mwini osapemphera. Munthu mmodzi wokhulupirika akukwana, woti kumapeto kwa mwezi akufunseni kuti kope lija likuyenda?

Kope la masamba 96 kwa ine limatha pa miyezi 5 kapena 6. Likadzaza, tsamba loyamba lija la mafupa, masamba 7 a anthu ndi timapemphero ta kumapeto muzikopere ndi dzanja mu latsopano, musang'ambe n'kumata, pokopera m'pamene mumaona mawu amene sakukukwananinso n'kuwasintha. Lakalelo lembani pachikuto mwezi woyambira ndi womalizira, mulikulunge mu pulasitiki. Anga 4 ali pansi pa sutikesi limodzi ndi pasipoti, lachisanu ndayamba sabata yatha, pensulo yake ndinabwereka kwa msuweni ndipo sindinabwezebe.